Foni ikumadula intaneti ikatsika pa 4G kupita pa H kapena E, vuto ndi foni kapena layini?

Mayi_a_ku_Machinjiri:

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo ndisanapite kukataya ndalama kwa okonza mafoni. Ndili ndi Tecno ya ma SIM awiri, si yatsopano koma sinagwerepo m'madzi, ndipo geni yanga yonse ili mmenemo chifukwa ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za ana ku Limbe ndiye makasitomala ambiri amaoda pa WhatsApp ine n'kuwatumizira katundu pa kabaza.

Pamwamba paja pakalemba 4G zonse zimayenda bwinobwino, zithunzi zimapita msanga. Koma pakangosintha n'kulemba H+ kapena H, makamaka ka E kaja, intaneti imafa kaye. Sindikunena kuchedwa ayi, kufa kwenikweni, chithunzi chimangozungulira osapita, voisi imathera panjira, pena mizere ya netiweki ija imazimiratu yonse kwa kanthawi kenako n'kubwerera yokha. Ndipo ikatsika choncho siifunanso kubwerera pa 4G, imakakamira pa H pomwepo mpaka ndithimitse foni n'kuyatsanso, nthawi imeneyo kasitomala wayamba kale kufunsa kwa wina.

Ndaona kuti zimachitika kwambiri munthu akandiimbira. Mwana wanga amakhala akulemba za kusukulu pa laputopu ndi hotspot ya foni yomweyi, wina akangoimba basi iye amakuwa ali kuchipinda kuti amayi mwadula. Komanso ndikangoona balansi kapena kutumiza ndalama ndi manambala a nyenyezi aja, pomaliza ndimapeza 4G yathawa. Za mu minibasi ndiye musanene, kuchoka ku Limbe kudutsa ku Kachere mpaka kufika kwathu foni imangosinthasintha, 4G, H, E, 4G, olo uthenga umodzi osapita, bandulo ya tsiku limodzi n'kuthera m'chikwama.

Mnyamata wina wokonza mafoni wangoigwira osaitsegula n'komwe akuti IC ya netiweki, kachipangizo ka pa bodi ya mkati mwa foni, yapsa, ndipo mtengo womwe watchula ndi theka la foni ina. Bambo a kunyumba akuti SIM yakalamba. Mnzanga wa benchi yoyandikana nane akuti makampaniwa amachitira dala kuti bandulo ithe. Ndiye ine ndimve ziti? Alipo yemwe zinamuchitikirapo n'kuzikonza?

Kabaza_wa_Ndix:

Mayi musapereke olo 1 kwacha, nkhani yaing'ono iyi. Pitani poimbira paja mulembe *#*#4636#*#* pabwera tsamba lina la chizungu, dinani Phone information, mutsike mmunsi mupeza Set preferred network type, pamenepo sankhani LTE only, kutanthauza 4G yokha, basi nkhani yatha. Foni siitsikanso pa H kapena E olo itafuna bwanji. Yanga ndinaikhoma choncho, ndimazungulira tauni yonse, Ndirande, Chirimba, Mbayani mpaka ku Lunzu, nyimbo pa YouTube zikungoyenda. Pa Samsung zambiri nambala imeneyi siigwira koma pa Tecno ndi Infinix imakonda kutheka.

Ejenti_wa_pa_Wenela:

Aise wa kabaza, nanga wakhoma pa LTE only choncho makasitomala amakupeza bwanji akafuna uwatenge?

Kabaza_wa_Ndix:

Kkkk ndili ndi kena ka mabatani m'thumba la jekete, koimbira ndi kameneko. Iyi ndi ya intaneti yokha.

Mmisiri_wa_ku_Chilomoni:

Mayi pepani ndilemba zambiri koma werengani mpaka mmunsi. Zimene anena achimwene a kabazawo musachite pa foni ya geni, mwaona aulula okha kuti ali ndi ina yoimbira. Mukakhoma pa LTE only pa layini yomwe ilibe VoLTE, njira yoimbira foni ili pa 4G pomwepo, aliyense wokuimbirani azimva kuti nambala yanu sikupezeka pomwe foni ili m'manja mwanu mizere yodzadza, inunso simungaimbe, ndipo kaya ndi *211# kaya ndi *444# sizituluka. Mwana atadwala usiku mukufuna kuitana galimoto ndi pomwe mungaone kuipa kwake.

Gwero lake n'lakuti 4G anaipanga kuti izinyamula data yokha, ilibe njira yakeyake ya mawu ngati mmene zilili 2G ndi 3G. Ndiye munthu akakuimbirani foni ili pa 4G, netiweki imaiuza foniyo kuti tsika pa 3G kapena pa 2G ukalandire kumeneko, a zamateleko amazitchula kuti CSFB. N'chifukwa chake mukaimba pamadutsa timasekondi tingapo kuli zii isanayambe kulira, foni imakhala ikusamuka. Ikatsikira pa 3G, pomwe pamalemba H kapena H+, data imatha kupitirira uku mukuyankhula, kungoti imadukiza kaye posamukapo ndipo liwiro limachepa. Ikatsikira pa 2G, ka E kapena ka G kaja, nthawi zambiri data amaiimika mpaka mumalize kuyankhula. Ndiye mwanayo akamakuwa kuti mwadula sakunama, koma foni nayonso sinalakwe, ikuchita zomwe yauzidwa. Manambala a nyenyezi aja, dzina lake USSD, amadutsa mbali yomweyo ya mawu, ndiye kungoona balansi kokha foni imatsika ngati kuti mwaimba. Ma SMS ndi omwe amatha kulowa foni ili pa 4G osatsika.

Tsono zokakamira pa H zija, apa ndi pomwe anthu ambiri amaganiza kuti foni yafa. Mukamaliza kuyankhula foni imayenera kubwerera pa 4G, ndipo malo ena netiweki imaibweza pompopompo. Koma pena foni imadikira ikhale kaye yopanda chochita ndi pomwe imayang'ana ngati 4G ilipo pafupi. Foni ya munthu wa geni ikhala liti yopanda chochita? Magulu a WhatsApp akungothira mauthenga, gulu la kumpingo, la banki mkhonde, la kusukulu kwa ana, Facebook nayo ikukoka zake mobisa, hotspot ili pomwepo, ndiye 3G imaigwirabe osaitaya. Zili ngati kufuna kusintha minibasi ili pa liwiro, iime kaye ndi pomwe mungatsike n'kukwera ina. Ndiye osavutika ndi kuthimitsa foni yonse, ingothimitsani data yokha kwa masekondi 15 kapena 20 muone, kawirikawiri mukayatsanso mupeza palemba 4G. Zikakana yatsani flight mode, kandege kaja, n'kuthimitsanso, foni ilowa pa netiweki mwatsopano.

Ma SIM awiriwo nawonso ali ndi gawo lake. Mafoni athu ambiriwa ali ndi malo a SIM awiri koma wailesi ya mkati malayini awiriwo amachita kubwerekana. Data ikakhala pa SIM 1 wina n'kuimba pa SIM 2, data ya pa SIM 1 imaima yonse mpaka mudule, olo pamalopo patakhala 4G yamphamvu bwanji. Taonani kuti makasitomala amakuimbirani pa layini iti ndipo bandulo mumagula pa iti.

Za mu minibasi ndi nkhani ina. Blantyre wathuyu ndi wa mapiri ndi zigwa, Ndirande apa, Soche uko, Mpingwe, Bangwe, Michiru, ndipo misewu imangokwera n'kutsika. 4G ya pa tawa imodzi ikabisika kuseri kwa chitunda foni imathawira pa 3G, mukangokhota pakona 4G yaonekeranso pang'ono foni n'kuithamangira, isanakhazikike n'komwe yabisikanso. Kusamuka kulikonse data imaima kaye, ndipo kusamukako kukalephereka foni imayambiranso kudzilembetsa pa netiweki kuchokera pachiyambi, ndi nthawi yomwe mumaona mizere yonse yazima ija. Pobwerera pena imapatsidwa adiresi ina ya IP ndiye chithunzi chomwe chinali panjira chimayambiranso, bandulo n'kudyeka kawiri pa chinthu chimodzi, mwina ndi zomwe mnzanu wa pabenchi akuona n'kumati ndi dala. Pa ulendo wotero ine ndimauza anthu kuti alowe mu Settings, pa SIM yomwe ili ndi data, Preferred network type, asankhe 3G. Liwiro ndi locheperapo koma la WhatsApp likukwana, mafoni akulowa, ndalama zikutumizika, foni siikudumphadumpha ndipo batire nayo imapuma chifukwa kusaka netiweki kumadya moto kwambiri. Mukafika pomwe 4G ndi yokhazikika mubwezere.

China chosavuta kuona ndi APN, ma seting'i omwe foni imalumikizira nawo pa intaneti ya kampani ya layini yanu. Anyamata ena akamaika tima seting'i tawo ta intaneti yaulere kapena yothamanga amasokoneza mmenemo. Lowani pa Access Point Names, dinani timadontho titatu pamwamba, Reset to default. Mukatsegula APN yomwe ikugwira ntchito onaninso pomwe palembedwa Bearer, pakhale Unspecified, chifukwa wina akasankhapo LTE yokha data imalumikiza pa 4G pokha, foni ikangotsika pa 3G intaneti ndiye yapita mpaka 4G ibwerere.

Za IC yopsazo, munthu sangadziwe pongoigwira foni m'manja. Tengani SIM yanu muike mu foni ya bambo, muime malo omwewo mumaima, wina akuimbireni, muonenso balansi, mukwere nayo minibasi yomweyo. Ikachita chimodzimodzi ndiye kuti foni yanu ilibe mlandu. Mutiuze zomwe mupeze.

Ejenti_wa_pa_Wenela:

Zomwe anena amisiriwa ndi zoona, ine ndimakhala pa benchi ya ndalama tsiku lonse ndiye ndimaziona ndi maso. Muime pambali panga muone foni ya kasitomala akamalemba nambala ya nyenyezi, pamwamba palemba 4G, akangodina imasanduka H kapena E, kabokosi koti akudikira kaja kamazungulira, pena n'kutuluka uthenga woti Connection problem or invalid MMI code, munthu n'kuyamba kukwiyira ine ngati netiweki ndimapanga kunyumba kwanga. Uthenga umenewo kawirikawiri ndi foni yalephera kutsika bwino, akabwereza zimatheka.

Malayini anga a ntchito ali mu tima itel ta mabatani. Timeneti timakhala pa 2G nthawi zonse, tilibe kosamukira, ndiye USSD imatuluka msanga kuposa pa mafoni akuluakulu a anthu ovala mataye ndipo batire imakhala masiku. Ya tachi ndinaisiyira WhatsApp basi. Mayi ngati geni ikuyenda ganizirani zimenezi, layini yomwe makasitomala amaimbira muiike mu kafoni kakang'ono, ya bandulo itsale mu Tecno, mwana asiya kukuwa.

Koma chomwe ndikufuna ndichenjeze aliyense ndi ichi, netiweki ikadula mutangolemba PIN musathamangire kutumizanso. Nthawi zambiri ndalama imakhala yapita kale kungoti uthenga wotsimikizira ndi womwe wachedwa chifukwa foni ikusamuka. Dikirani SMS, onani balansi, mufunse wolandirayo. Ndaona anthu akulipira kawiri katundu mmodzi, kuti ndalama ibwere ndiye mulimbane ndi munthu yemwe wathimitsa kale foni. Ngati muli ndi bandulo bola kugwiritsa ntchito app ya ndalama ya kampani yanu, imeneyo imayenda pa data ndiye foni siifunika kutsika.

Komanso onani ngati sizikumachuluka magetsi akathima nthawi yaitali. Ma tawa amadalira mabatire ndi ma jenereta, imodzi ya pafupi ikazima foni imakagwira ya kutali, ndipo yomwe imafika kutali ndi 2G. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 kwathu ku Chilobwe ukapeza ka E kokha umathokoza Mulungu.

Mkulu_wa_ku_Zingwangwa:

Musawanyoze bambo a kunyumbawo, za SIM zimachitika. Layini yanga ndi yakalekale, ndinaigula kampani ikadali Celtel, isanakhale Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010. 4G itabwera ana anandigulira foni yabwino koma 4G yo sinkaiona n'komwe, mpaka ndinakasinthitsa SIM ku shopu yawo, nambala ndi yomweyo, anangofuna chitupa cha unzika. Ndiye palinso ma SIM aja timachita kudula ndi lumo kapena sizasi kuti akwane mu foni za masiku ano, amene aja akayamba kukalamba amagwedera mkati, minibasi ikagunda bampu netiweki yapita. Mayi tapitani mukasinthitse, si zodula.

Mayi_a_ku_Machinjiri:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Amisiri, zothimitsa data kwa kanthawi zija zikugwira ntchito ndithu, ndikumaliza kuyankhula n'kuthimitsa, kuwerenga pang'ono mumtima, kuyatsa, 4G ili pomwepo. Za ma SIM mwalasa, bandulo ndimagula pa layini ina chifukwa ndi komwe ndimaona kuti zikutchipa koma nambala yomwe inalembedwa pa benchi ndi ya layini inayo. Mu APN ndapezamo mayina awiri achilendo, mwana akuti anaika ndi mnzake wa kusukulu, ndadina Reset zachoka.

Ndayesanso SIM yanga mu foni ya bambo, yawo ndi Samsung. Munthu akaimba nayonso ikutsika pa H chimodzimodzi, balansi chimodzimodzi, ndiye pamenepo mtima wakhala pansi. Koma pali kusiyana kumodzi komwe kukundidetsa nkhawa. M'nyumba mwathu, pabalaza, foni yawo ndi SIM yanga yomweyo ikukhala pa 4G mizere iwiri, pomwe yanga pamalo omwewo ikutsika mpaka pa E, kuti ndione 4G ndichite kutuluka kukaima pafupi ndi mpanda. Mu minibasinso yawo ikusintha inde koma osati kwambiri ngati yanga. Ndiye kuti mnyamata wa IC uja amanena zoona? Nanga VoLTE mukuitchulayo ndi chani, imagulidwa kapena ndi seting'i?

Wophunzira_wa_ku_Chichiri:

Anti musadalire mizere, kampani iliyonse ya mafoni imajambula mizere mwanjira yake, iwiri ya Samsung si iwiri ya Tecno. Pali nambala yeniyeni yomwe mungafanizire. Lowani mu Settings, About phone, mufufuze SIM status, mupeza Signal strength yolembedwa mu dBm, imakhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo. Pa 4G mukaona cha mma -80 ndiye kuti zili bwino kwambiri, cha mma -100 ndi zapakatikati, ikafika -110 kupita mmunsi mwafika kumalire ndipo apa ndi pomwe foni imayamba kuganiza zotsika. Ikani SIM yomweyo mu mafoni onse awiri, pampando womwewo, onse ali pa 4G, mulembe manambalawo. Kusiyana kwa 2 kapena 3 si kanthu, koma yanu ikamatsalira ndi 10 kapena kuposa paliponse pomwe mwayesa ndiye kuti ikumva movutikira. Amene ali ndi iPhone amaona zimenezi polemba *3001#12345#* n'kuimba.

Zoti m'nyumba mumatsala E yokha zili ndi chifukwa chake. Mafunde a wailesi otsika amafika patali ndipo amalowa bwino m'makoma kuposa okwera. 2G kuno ku Africa imakonda kuyenda pa 900 MHz ndi 1800 MHz, 3G imadziwika kwambiri ndi 2100 MHz, ndiye nyumba ya njerwa zowotcha, denga la malata, mawindo a mabagalabazi, ili kumunsi kwa chitunda, 900 uja ndi amene amatsala akulowa. Ngati mwana akufuna hotspot foni muziiika pawindo loyang'ana komwe kuli tawa, iye akhale komwe akufuna, WiFi ya hotspot imufikira.

China chomwe anthu sachiganizira ndi mafoni obwera ndi achibale kuchokera kunja, makamaka a ku America ndi Japan kapena opangidwira msika wa ku China wokha. Foni imatha kulembedwa 4G pabokosi koma ilibe ma band ena, magawo a mafunde a wailesi, omwe amagwiritsidwa ntchito mbali ino, mwachitsanzo band 20 ya 800 MHz yomwe ndi yofala ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa. Yotero mtauni pa Victoria Avenue imagwira bwino koma mukangotuluka pang'ono imatsika msanga kuposa anzake. Yanu poti ndi Tecno vuto limenelo n'lokayikitsa, amapangira msika wathu womwe uno, ndalembera ena omwe akuwerenga. Ndipo amene muli ndi mafoni a 5G, TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 koma malo omwe imapezeka ndi ochepa poyerekeza ndi 4G, ngati kwanu kulibe ikani foni pa 4G kuti isamavutike kusaka chinthu china chachinayi chosamukirako.

Mmisiri_wa_ku_Chilomoni:

Achemwali a ku Chichiri afotokoza bwino, chitani zofanizira manambalazo. Akulu a ku Zingwangwa nanunso simunaname koma kwa mayiwa SIM ndikuichotsa pa mlandu, SIM yakale isanabwere 4G siionetsa 4G ngakhale kamodzi, pomwe yawoyi ikuonetsa ndipo mu Samsung ikugwira bwino. Yogwedera nayo imadziwika, foni imalemba kuti mulibe SIM kapena imafunsanso PIN, osati kutsika pa E mwadongosolo chonchi.

VoLTE siigulidwa. Ndi njira yoti mawu adutse pa 4G pomwepo ngati data, ndiye foni siitsikanso munthu akaimba, intaneti imapitirira ndipo kulira kumayamba msanga. Ku America makampani akuluakulu anathimitsa 3G mu 2022, kumeneko kuimba kwambiri ndi kwa VoLTE. Kuti igwire pamafunika zinthu zigwirizane, kampani ya layini ikhale nayo ndipo yaitsegula pa nambala yanu, foni nayonso ikhale yoti kampaniyo imaizindikira. Onani mu Settings pa SIM yanu ngati pali VoLTE kapena 4G Calling, muyatse, kenako imbani muone ngati pamwamba pakhalabe 4G uku mukuyankhula. Pakakhalabe ndiye mwapata. Pakatsika imbirani a customer care muwauze mtundu wa foni yanu akuuzeni. Olo ndi VoLTE yo, mukamayankhula muli mu minibasi n'kutuluka mdera la 4G foni imayenerabe kusamutsira kuyankhulako pa 3G kapena 2G, ndipo pena pamenepo imaduka.

Tsopano pa kusiyana kwa pabalaza paja, ndili ndi funso limodzi. Foniyi inasinthidwapo potchajira kapena sikirini? Ndikufunsa chifukwa mu mafoni ambiri a mtundu umenewu, kabodi kakang'ono ka mmunsi komwe kali ndi potchajira ndi komwenso kamalumikiza eriyo, ndipo pali kachingwe komwe kamachoka pamenepo kupita pa bodi yaikulu. Wokonza akakhala pa changu amaiwala kukabwezera, kapena amakadina mopendama, kapenanso amaika kabodi kotchipa kosafanana ndi koyambirira. Foni yotero imagwirabe netiweki pafupi ndi tawa, ku Limbe simungaone vuto, koma mukangotalikira pang'ono 4G imayamba kugonja n'kutsala 2G. Ndazionapo zambiri zotere zikubwera kwa ine mwini wake atauzidwa kale kuti IC yapsa. IC imapsadi, sindikukana, koma imeneyo nthawi zambiri mtundu umodzi wa netiweki umasoweratu paliponse olo mutaima pansi pa tawa, kapena foni imangolemba No service, ndipo muziyamba ndi chotchipa musanalole munthu kuwotcha bodi ndi chowuzira moto.

Manambala aja akafanana mu mafoni onse awiri ndipo aneba anu akudandaula zomwezo, ndiye kuti ndi dera lanu. Pamenepo lembani malo enieni, nthawi yomwe zimachitika, ndi ma dBm omwe mwapeza, muimbire kampani ya layini yanu ndipo muwaumirize akupatseni nambala ya dandaulo. Kungoti netiweki ikuvuta sawachitira kanthu, koma anthu angapo a dera limodzi akatchula malo amodzi zimawathandiza kudziwa tawa yoti akaione. Zikakanika kumeneko ndi pomwe mumapita nazo ku MACRA, iwo ndi omwe amayang'anira makampaniwa ndipo adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula ku kampani.

Mayi_a_ku_Machinjiri:

Iiii amisiri, potchajira anasinthadi chaka chatha, inkavuta kulowa moto mpaka ndichite kupinda chingwe. Manambala ndayesa pabalaza, ya bambo ikulemba -101 yanga -114 isanathawire pa E. Kachingwe mukunenako kamaoneka bwanji kuti asakandipusitse?

Mmisiri_wa_ku_Chilomoni:

Ndi kopyapyala kwambiri, koyera, kakuda kapena kabuluu, kamayenda m'mbali mwa batire kuchoka mmunsi kupita mmwamba, ndipo mbali zonse ziwiri kali ndi kamutu kachitsulo kozungulira komwe kamadinidwa pa bodi. Muimirire pomwepo akamatsegula, muwauze akuonetseni mitu yonse iwiri ngati yalowa bwino komanso ngati sikanaphwanyike penapake potseka chivindikiro. Kakakhala bwinobwino afunseni ayeseko kabodi kena ka potchajira koyambirira ka mtundu womwewo wa foni, muone dBm muli pa shopu pomwepo asanamange zomangira.